FUNSANI AZAKHALI: Kamakina ka m'khutu kaja, kangathandize munthu amene anagontha ali khanda?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, kamakina kaja madokotala amaika m'mutu mwa munthu wosamva kotchedwa cochlear implant, kuchipatala kuno mukamva akuti implante coclear ndi komweko. Ndasankhapo anayi, ena ndawadula pang'ono poti anthu inu mukayamba kulemba simupumira.

*Azakhali, ine ndimagwira ntchito ku migodi ya malasha kuno ku Moatize koma kwathu ndi ku Angónia. Ndili ndi mlongo wanga wa zaka 24, anadwala malungo aakulu asanakwane chaka ndi theka nde kuchokera pamenepo samva, kuyankhulanso sanayankhulepo, timangogwiritsa ntchito manja omwe tinapanga tokha pakhomo. Ndinaona vidiyo pa Facebook kamwana kachizungu atakaika kachipangizo kuseri kwa khutu kakuseka katamva mawu a mayi ake, misozi inatuluka ndithu. Ndasungako kandalama ndipo bambo akuti atha kugulitsa ng'ombe zinayi ndi kachewere wa chaka chino. Kodi tikamuika adzayamba kumva ndi kuyankhula? Wodandaula, Moatize*

Achimwene, ng'ombezo zisiyeni kaye m'khola, wogula musamuitane. Ndikudziwa si yankho lomwe mumayembekezera koma werengani mpaka kumapeto.

Mkati mwenimweni mwa khutu, kupitirira nembanemba ija ndi timafupa titatu, muli kankhono kakang'ono kodzaza madzi, ndipo mmenemo muli timaselo taubweya pafupifupi 15,000 tomwe timasandutsa phokoso kukhala uthenga wamagetsi, mtsempha nkutenga uthengawo kupita nawo ku ubongo. Timeneti tikafa sitimeranso. Malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi, chikasu chachikulu mwana atangobadwa, ngakhale majakisoni ena amphamvu ngati gentamicin ndi streptomycin, zonsezi zimatha kugonthetsa mwana, enanso amangobadwa choncho za kumtundu. Apalelyu wamba wothandizira kumva uja ntchito yake nkukweza mawu basi, nde ngati timaselo tatha olo mukweze bwanji palibe chomveka. Impulanti imalumpha pomwe pafapo. Dokotala amang'amba kuseri kwa khutu nkuika kachipangizo pansi pa khungu, kenako kawaya kopyapyala amakalowetsa mu kankhono muja, kali ndi timfundo tamagetsi tomwe timagunda mtsempha mwachindunji, kampani ya MED-EL ya ku Austria imaika 12, ya Cochlear ya ku Australia 22. Kunja munthu amavala kena kokhala ndi maikolofoni ndi batire, kamamata pamutu ndi maginito nkumatumiza uthenga kudutsa pakhungu. Opareshoni imatenga maola awiri kapena atatu ndipo sikuti potsitsimuka munthu akumva ayi, amadikira milungu ingapo bala lipole kenako nkuyatsa.

Tsono taonani masamuwo, timfundo 22 m'malo mwa timaselo masauzande. Chofika ku ubongo si mawu osalala mmene inu mumamvera. Amene anagontha atakula amati masiku oyamba aliyense amamveka ngati loboti, koma poti Chichewa chonse chili kale m'mutu mwawo ubongo umalumikiza pang'onopang'ono, pakapita miyezi ambiri mpaka amacheza pafoni. Ndipotu makinawa anayambira pa anthu oterowo, munthu woyamba amene dokotala Graeme Clark anamuika ku Melbourne m'dziko la Australia mu 1978 anali bambo wamkulu amene anagontha pa ngozi ya galimoto, za ana zinabwera pambuyo.

Nkhani ya mlongo wanu ili pa ubongo kusiyana ndi pakhutu. Khutu limangotola, womva ndi ubongo, ndipo mbali yake yomvera mawu imaphunzira ntchito m'zaka zoyambirira zenizeni. Ofufuza anapeza kuti mwana akaikidwa asanakwane zaka zitatu ndi theka njira zomvera za mu ubongo zimakula pafupifupi ngati za mnzake wakumva, koma akadutsa zaka 7 asanamvepo kanthu zimavuta kwambiri. Nchifukwa chake ku America bungwe la boma loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala, FDA, lakhala likutsitsa msinkhu woikira impulanti, mu 1990 linaloleza ana a zaka ziwiri, mu 2000 a miyezi 12, mu 2020 a miyezi 9. Ndipo malo a mu ubongo aja sangokhala phee kudikira, inu a ku Angónia mukudziwa chimene chimachitika munda ukagonera zaka zambiri, oyandikana nawo amalowerera malire mzere umodzi chaka chino wina chaka chamawa. Maso ndi khungu zimatenga malowo, nde zitalimapo zaka zoposa 20 sizichoka wamba.

Ataikidwa lero angapeze chani? Mwina angadziwe kuti galimoto ikubwera kumbuyo, galu akuuwa, wina akugogoda, mwana akulira, ndipo zimenezi sindikuzichepetsa, pamsewu wodzaza malole ngati wa ku Moatize kumva hutala ndi moyo. Koma kuti wina anene ali kukhitchini kuti "bwera udzadye nsima" iye nkuzindikira osayang'ana pakamwa, kwa munthu amene sanaphunzirepo chiyankhulo cha pakamwa kawirikawiri sizitheka, ndipo zoti ayamba kuyankhula ngati inu ndi ine musaziike mumtima. Ena phokosolo limangowasowetsa mtendere, ena salimva ngati mawu koma ngati kunjenjemera m'mutu, mapeto ake amavula nkutsekera mu sutikesi. Alipo akuluakulu ogontha kuyambira ubwana amene amapindula bwino, eya alipo, koma mukawafunsa mupeza kuti ambiri ankamvako pang'ono, anavala apalelyu ali ana, anaphunzitsidwa kuyankhula ndi kuwerenga milomo, anali ndi poyambira. Mavidiyo aja amakuonetsani mphindi imodzi yokoma, sakuonetsani ana omwe amalira ndi mantha tsiku loyatsa, sakuonetsaninso zaka zotsatira za kupita kukatchunitsa makina ndi kwa mphunzitsi wa kayankhulidwe sabata ndi sabata.

Za mtengo, m'maiko ambiri khutu limodzi lokha, kachipangizo ndi opareshoni, limapitirira madola 20,000, ndiye kuti mametikali oposa miliyoni, ng'ombe zinayi ndi kachewere sizifika olo theka. Komanso si chogula kamodzi nkuiwala, mabatire, tizingwe timaduka, chakunja chija chimatha pakapita zaka nkufuna china, moyo wonse.

Ndikanakhala ine kandalamako ndikanayamba ndi kumuyezetsa. Pemphani giya, kalata ija yotumizira wodwala ku chipatala china, yokaonana ndi otorino, dokotala wa makutu mphuno ndi pakhosi, ku chipatala chachikulu ku Tete, munene kuti mukufuna ayezedwe mmene amamvera, pepala lake amati audiograma. Anthu ambiri omwe timati samva kalikonse amakhala ndi kakumva kotsalira komwe apalelyu wotchunidwa bwino angakweze, pa mtengo wochepa kwambiri kuyerekeza ndi impulanti ndipo popanda mpeni. Kenako manja aja. Manja apakhomo ndimawadziwa, idya, tunga madzi, bwera kuno, usatero, kwatha. Tandiuzani, ndi manja amenewo mlongo wanu angakufotokozereni kuti mwamuna wina anamuchita chipongwe ku dimba ndipo ndi uje? Angamuuze namwino kuti m'mimba mukupweteka mbali iti, kuyambira liti? Dziko lino lili ndi chiyankhulo cha manja chathunthu, Língua de Sinais de Moçambique, chomwe munthu atha kukambira nacho ndale, chikondi, mitengo ya feteleza, miseche, chilichonse, ndipo malamulo aakulu a dziko mu ndime 125 amati boma lilimbikitse kuphunzira kwake. Kuli bungwe la anthu osamva la ASUMO, kuno ku Tete kulinso CREI, likulu la maphunziro ophatikiza ana olumala, amodzi mwa atatu m'dziko muno, ena ali ku Gaza ndi ku Nampula. Funsani kumeneko akulozereni komwe osamva akuluakulu amakumana. Pa zaka 24 sadzachigwira msanga ngati mwana koma adzapita patali kuposa pomwe ali, makamaka akapeza anzake. Inunso muphunzire, osamutumiza yekha nkubwerera kunyumba komwe kulibe womumva. Chenjezo pang'ono kwa inu a m'malire, manja a ku Malawi ndi a kuno ndi ziyankhulo ziwiri zosiyana ngakhale pakamwa timamvana.

Chomaliza achimwene, kalata yanu yonse mwatchula inu, bambo ndi ng'ombe, koma simunanene kuti mwini wakeyo akufuna chani. Ndi munthu wamkulu ameneyo, ndipo mutu wong'ambidwawo ndi wake.

*Azakhali ndithandizeni. Mwana wanga wamwamuna ali ndi chaka ndi miyezi inayi, mwezi wathawu anagonekedwa ndi matenda oumitsa khosi, Mulungu anatichitira chifundo anachira. Koma chitulukireni satembenuka ndikamuitana, anali atayamba kunena mama pano wasiya, poyendanso akudzandira. Apongozi akuti ndisavutike matenda sanathe m'thupi azayambiranso yekha, ena akuti tikaombeze. Ndidikire mpaka liti? Mayi wa mwana mmodzi, Ulónguè*

Mayi, musadikire olo sabata imodzi. Achimwene a pamwambapa ndawauza kuti afatse koma inu ndikuti thamangani, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Matenda oumitsa khosi amatha kulowa mu kankhono kaja, nde pochira mkati momwe munali madzi mumayamba kumera fupa, zimatha kuyamba m'milungu yochepa chabe, ndipo njira ikatsekeka kawaya ka impulanti sikalowanso bwino olo ndalama zitapezeka mawa. Kudzandirako kukugwirizananso, chiwalo chothandiza munthu kuima osagwa chili khomo limodzi ndi kankhonoko. Kumaiko komwe zipangizo zilipo mwana aliyense wochira matendawa amamuyeza makutu mwezi usanathe.

Musadzinamize ndi mayeso a kunyumba oomba m'manja kumbuyo kwake. Mwana wosamva ndi wakuthwa maso, amaona chithunzithunzi pakhoma, amamva kamphepo ka manja anu kapena phazi likagunda pansi, atembenuka, inu nkumati aaa akumva uyu ndi mwano chabe, chaka nkutha. Kuchipatala ali ndi njira zoyezera khanda losayankhula, ina amaika kachipangizo m'khutu mphindi zochepa, ina amamata timawaya pamutu mwana ali mtulo nkuona ngati uthenga ukufika ku ubongo, ndipo akaganiza za impulanti amajambulanso mutu ndi CT kapena MRI kuti aone ngati njira ili yotseguka. Bwererani komwe anagonekedwa ndi khadi lake, nenani momveka kuti mwana wasiya kumva atadwala meningite, pemphani giya ya kwa otorino, akati kuno makina oyezera kulibe funsani kuti nanga ali kuti, Beira kapena Maputo. Inu muli pafupinso ndi Malawi, mukadutsa pa Calómuè ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic komwe amayeza makutu, ndipo ku Blantyre pa Queen Elizabeth Central Hospital dokotala wa makutu Wakisa Mulwafu ndi anzake ochokera kunja aikapo ma impulanti mwa anthu ochepa, anayi oyambirira onse anali ogontha atadziwa kale kuyankhula. Ku South Africa ndiye anayamba kale, chipatala cha Tygerberg ku Cape Town chikuika kuyambira 1986. Sindikukulonjezani kuti mukangofika akakuikirani, malo ndi ochepa ndalama ndi zambiri, ndipo ndinene mosabisa kuti mabanja ambiri a kuno impulanti sadzaifikira. Koma kuyezetsa kokha kukuuzani ngati makutu onse apita kapena limodzi latsala, ndipo ngati latsalako apalelyu ayambe kuvala pano osati akadzayamba sukulu.

Tsono pali china chomwe chili m'manja mwanu usiku womwe uno. Chimene chimapweteka mwana wosamva kwambiri si kugonthako, ndi kukhala zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri opanda chiyankhulo chilichonse, cha pakamwa ayi cha manja ayi, makolo ali kalikiliki kufunafuna mankhwala. Ana osamva oposa 90 mwa 100 aliwonse amabadwira kwa makolo akumva omwe sanaganizepo za manja, nde nthawi imatayika pamenepo. M'mera mpoyamba mayi. Taganizani, mwana wakumva akakhala kumbuyo amatola zonse mukucheza pa mjigo, kumsika, kutchalitchi, pomwe wanuyo kumbuyoko akungoona mpango wanu basi. Muzimubereka cha pambali nthawi zina, pophika mukhazikeni kutsogolo aziona nkhope yanu, mukafuna kumuuza kanthu gwadani mufanane, mugwireni paphewa, muonetseni kapu, pangani chizindikiro chake, nenaninso ndi pakamwa kuti madzi, zonse pamodzi. Madzulo muzikhala pomwe pali kuwala, mumdima iye nkhani yatha. Ena adzakuuzani kuti manja amamuchititsa ulesi woyankhula, si zoona, mwana amene ali kale ndi chiyankhulo cha manja akadzapeza apalelyu kapena impulanti amakhala ndi pokolowekapo mawu atsopanowo.

Apongoziwo musakangane nawo, akunena mwachikondi. Atengeni pa shapa mupite nawo limodzi akamve okha kwa dokotala.

*Ine ndine wosamva chibadwire, zaka 31, ndine telala, ndili pabanja ana awiri onse akumva. Kalatayi akulemba ndi mkazi wanga ine ndikumuuza ndi manja. Ndatopa ndi achibale onditumizira mavidiyo a makina amenewa. Ine sindikudwala. Vuto langa ndi loti kuchipatala kulibe womasulira, pa banki amandiuza kuti ndibwere ndi munthu, ana panjira amandikuwiza. Bwanji osakonza zimenezo m'malo mofuna kukonza ine? Telala, Matundo*

Bambo, mwalasa, ndipo achibalewo awerenge yankho loyamba lija aleke kukuvutitsani. Mkwiyo wanu si wanu nokha komanso si wa lero. Mu 1880 pa msonkhano wa ku Milan m'dziko la Italy aphunzitsi a ana osamva, pafupifupi onse akumva, anagwirizana kuti manja achoke m'masukulu ana azikakamizidwa kuyankhula, ndipo kwa zaka zambirimbiri ana ankalangidwa akapezeka akugwiritsa ntchito manja, nde ma impulanti atayamba kuikidwa mwa ana anthu osamva ambiri anaona ngati nkhondo yomwe ija yabweranso ndi mpeni. Bungwe lawo la ku America, National Association of the Deaf, linatsutsa poyera mu 1991, kenako mu 2000 linafewetsa mawu nkunena kuti makolo asankhe atamva mbali zonse. Pali zoopsa zenizeninso zomwe otumiza mavidiyo satchula, opareshoni imadutsa pafupi ndi mtsempha woyendetsa nkhope, bala litha kutukusira, kakumva kotsalira m'khutu limenelo katha kutheratu, ndipo woikidwa amakhala pa chiopsezo chokwererapo cha matenda oumitsa khosi nchifukwa chake amayamba abayitsa katemera.

Pomwe ndingasiyane pang'ono ndi anzanu ena ndi pa makanda. Ena amati musamuike, adzasankha yekha akakula, koma pa nkhani iyi kudikirako ndi kusankha kale chifukwa akamadzakula nthawi ya ubongo ija yapita. Ine ndimati kholo lomwe lapeza mwayi limuike ngati likufuna, koma manja lisamumane, poti makina akazima, batire ikatha, akavula pogona, mwanayo ndi wosamva monga kale. Za womasulira kuchipatala ndi pa banki ndiye palibe chotsutsa, ku Universidade Eduardo Mondlane amaphunzitsa chiyankhulo cha manja mpaka digiri, nde si zoti anthu ake sangapezeke. Ndipo achimwene a ku Moatize ndi mayi a ku Ulónguè aja akusowa munthu ngati inu kuposa mmene akusowera ine.

*Azakhali, mwana wa achemwali anga a ku Joni anaikidwa kamakinaka ali ndi chaka chimodzi, pano ali ndi zaka 6 ndipo abwera kutchuthi kuno December. Agogo ake akuti chitsulo cha m'mutucho chikoka mphenzi nde mvula ikamagwa azigona nyumba ina, ena akuti asasambe kumutu. Komanso timaapalelyu tomwe amagulitsa pamsika ndi pa intaneti si tomweti? Aphiri, Chingodzi*

Kkkkk Aphiri, auzeni agogo agone mtima uli m'malo, mphenzi ilibe naye mlandu mwanayo kuposa wina aliyense. Kusamba asambe mutu wonse, chamkati chija ndi chomatidwa pansi pa khungu madzi safikako, chongovula ndi chakunjacho pokhapokha ngati makolo ake abweretsa kachikuto kake ka m'madzi. Ku Zambezi kokha asapite, koma chifukwa cha ng'ona.

Adani enieni a kachipangizoka kuno ndi thukuta, fumbi ndi kutentha kwathu kuja kodutsa madigiri 40. Achemwali anu abwere ndi kabokosi koumitsira, usiku uliwonse muzipukuta chakunjacho nkuchigoneka mmenemo, ndipo musachisiye m'galimoto kapena pawindo padzuwa. Abwerenso ndi mabatire okwanira tchuthi chonse ndi tizingwe tapadera poti mu shopu za kuno musayembekezere kutipeza, mabatire otaya aja a nambala 675 amatha masiku awiri kapena atatu, otchaja ambiri tsiku limodzi, nde ngati mukapite naye kumudzi komwe magetsi sanafike konzanitu za sola kapena power bank. Mabatirewo muziika patali ndi tiana tokwawa, kumeza kamodzi ndi ngozi yaikulu. Mpira asewere koma anzake muwauze za kumenyana m'mutu ndi kukokerana kachipangizoko, ana a pa Chingodzi ndimawadziwa chidwi chawo. Akatuluka mafinya m'khutu, pakatupa kuseri kwa khutu, kapena akatentha thupi nkumadandaula mutu ndi khosi, chipatala tsiku lomwelo ndipo munene kuti ali ndi impulanti, makamaka wina akatchula zojambula ndi MRI chifukwa muja muli maginito amphamvu ndipo si mtundu uliwonse wa impulanti umaloledwa. Akagona amakhala atavula nde samva olo mukuwe, musamutsekere yekha m'nyumba, pomudzutsa mugwireni.

Tapamsika tija ayi si tomweti olo pang'ono. Timangokweza phokoso lonse mofanana, mawu a munthu, njinga yamoto, tambala, osayeza kuti khutu la mwini wake lataya pati, ndipo kwa mwana titha kuononga kakumva komwe kanatsala. Apalelyu weniweni amatchunidwa pa kompyuta motsatira audiograma ya munthuyo, kachikombole kolowa m'khutu amaumba molingana ndi khutu lake, ndipo kwa mwana amakasintha pafupipafupi chifukwa khutu likukula.